Wotchi ya IWC Mark XVIII Yogulitsidwa pa WhatsApp: Ndiidziwa Bwanji Kuti Ndi Yeniyeni?

Funso: Ine ndine bambo wa ku Mufakose kuno ku Harare, ndipo makolo anga anachokera ku Ntcheu. Mwana wanga woyamba watsala pang'ono kumaliza maphunziro oyendetsa ndege pa bwalo la Charles Prince, ndipo ndikufuna kumupatsa mphatso yoti adzakhale nayo moyo wake wonse. Mnzanga wa kuntchito wandilumikiza ndi munthu wina amene akugulitsa wotchi ya IWC Mark XVIII ya nkhope yakuda pa madola 1,800 a ku America. Wanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Akuti bokosi lilipo koma kadi ya chitsimikizo inasowa posamuka, ndipo akufuna ndalama pamanja sabata lino chifukwa pali wina amene akuifunanso. Kodi ndingadziwe bwanji kuti ndi yeniyeni, nanga mtengowu uli bwino?

Yankho: Bambo, poyamba ndikuyamikeni pomufikitsa mwana pamenepo, chifukwa ola lililonse lophunzira kuuluka limalipiridwa palokha ndipo si ndalama yamasewera. Maganizo anu a mphatso ndikuwamvetsa bwino. Ambiri a ife amene makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi kunjanji tinakulira m'nyumba momwe wotchi ya abambo inali chuma chosungidwa m'sutikesi, chovalidwa Lamlungu ndi paukwati pokha. Koma pa funso lanu ndiyankha mosapita m'mbali: palibe munthu, ngakhale ine amene ndatsegula mawotchi kwa zaka zoposa 30, amene angakutsimikizireni wotchi imeneyi poyang'ana zithunzi za pafoni. Chithunzi chimatha kuulula wotchi yabodza yopangidwa mwaulesi, koma sichingachitire umboni yeniyeni. Umboni uli m'makina a m'kati, ndipo Mark XVIII ili ndi chivundikiro chachitsulo kumbuyo, chosaonetsa kanthu. Choncho nkhani yanu yonse yagona pa chinthu chimodzi, chakuti wogulitsayo avomere wotchiyo itsegulidwe ndi mmisiri amene mwasankha inuyo, ndalama zisanachoke m'thumba mwanu. Zina zonse zimene ndifotokoze ndi zokonzekera tsiku limenelo.

Musanakumane naye munthuyo, dziwani bwino chimene mukupita kukaona, chifukwa wonyenga amadyera pa kusadziwa kwa wogula. Kampani ya IWC ili ku Schaffhausen m'dziko la Switzerland, ndipo anaiyambitsa mu 1868 ndi munthu wa ku America, Florentine Ariosto Jones. Mawotchi otchedwa Mark anatchuka ndi Mark 11, imene inapangidwa mu 1948 kaamba ka asilikali a m'ndege a ku Britain. Vuto lalikulu m'ndege za nthawi imeneyo linali mphamvu ya maginito yochokera ku zipangizo za wailesi ndi radar. Mphamvuyo ikagwira kasipuling'i kowonda ngati tsitsi kamene kamalamulira mayendedwe a wotchi, mizere yake imamatirirana ndipo wotchi imayamba kuthamanga. Anathetsa vutoli potsekera makinawo m'kachipinda ka chitsulo chofewa, chimene chimakoka mphamvuyo n'kuidutsitsa m'mbali osafika pakati. Kachipinda kameneka kadakalipo mu Mark XVIII, ndipo n'chifukwa chake kumbuyo kwake kulibe galasi. Wina akakuonetsani Mark XVIII wamba ya nkhope yakuda yoonetsa makina kumbuyo, musataye nthawi n'kufunsa zambiri.

Mark XVIII inatuluka mu 2016 ndipo Mark XX inalowa m'malo mwake mu 2022. M'mimba mwake ndi mamilimita 40, kukhuthala kwake ndi pafupifupi mamilimita 11, ndipo nambala ya mtundu wake imayamba ndi IW3270. Pa nkhope yake pali manambala 6 ndi 9, amene pa Mark XVI ndi Mark XVII panalibe. Pamalo a 3 pali kawindo ka deti koonetsa tsiku limodzi lokha, pamene ka Mark XVII kanali kotalika, koonetsa masiku atatu, ndipo wotchi yakenso inali yokulirapo, mamilimita 41. Pamalo a 12 pali chizindikiro cha ngodya zitatu chokhala ndi timadontho tiwiri, chimene chinachokera ku mawotchi a m'ndege a ku Germany a m'zaka za m'ma 1940, kuti munthu adziwe msanga kumwamba kwa wotchi ali mumdima. Kumbuyo kwa yamtundu wamba anazokotako chithunzi cha ndege ya injini zitatu yotchedwa Junkers Ju 52. Tsegulani tsamba la IWC kapena la sitolo yodziwika, musunge zithunzi zowala bwino za mtundu womwewo, ndipo muziyang'ane mpaka maso azolowere. Tsiku lokumana mukafananize ndi zimenezo, osati ndi zimene wakutumizirani wogulitsa.

Tsopano za mtengo, ndipo apa ndi pamene mtima wanga wayamba kukayika. Itangotuluka, wotchi imeneyi ya lamba wachikopa inkagulitsidwa pafupifupi madola 4,000 m'sitolo. Malinga ndi zimene ndimaona pa ntchito yanga, yogwiritsidwapo ntchito koma yosamalidwa bwino siitsika kawirikawiri mpaka kuchepera theka la mtengo umenewo, ndipo mungadzionere nokha mitengo ya masiku ano pa msika wa pa intaneti wa Chrono24. Madola 1,800 ali pamalo oipa: ndi ochepa kwa wotchi yeniyeni, koma ndi ochuluka zedi kwa yabodza. Mtengo wotere umakhala ndi zifukwa zingapo. Zimatheka kuti mwini wake wapanikizika, ndipo kuno ku Harare zimenezi si zachilendo, makamaka mu January pamene fizi ya ana yafika pakhosi kapena wina wagonekedwa kuchipatala. Zimathekanso kuti wotchiyo ndi yeniyeni koma ili ndi matenda m'kati, kapena ndi yeniyeni koma yobedwa, kapena ndi yabodza. Munthu wopanikizika moona sakana kupita kwa mmisiri, chifukwa akudziwa kuti akachoka kumeneko ndi ndalama m'manja. Enawo ndi amene amakhala ndi zifukwa zambirimbiri zokanira.

Mawu akuti pali wina amene akuifunanso ndawamva kosawerengeka, ndipo ntchito yake ndi kukulandani nthawi yoganiza. Mark XVIII si wotchi yosowa. Anapanga zambiri kwa zaka 6, ndipo iyi ikapita mudzapeza ina. Bokosi nalonso lisakukopeni. Mabokosi, timabuku ngakhale makadi a chitsimikizo amagulitsidwa paokha pa intaneti, ena enieni, ena osindikizidwa ndi omwewo opanga mawotchi abodza. Kusowa kwa kadi pakokha si mlandu, poti anthu amasamukadi ndipo mapepala amatayika, koma kumatsitsa mtengo ndipo kumachotsa njira imodzi yodziwira kumene wotchi inachokera. Pamenepo mufunseni kuti anaigula kuti, chaka chanji, ndipo ngati inapitako kokonzedwa. Mulembe mayankho ake, ndipo patapita masiku awiri mufunsenso mwanjira ina. Amene anaigula ndi thukuta lake amakumbukira sitolo, mzinda ngakhale mtengo wake, pamene wongoipeza nkhani yake imasintha.

Chotsatira, chimene mungachite muli kunyumba, ndi kupempha zithunzi zatsopano zimene inuyo mwalamula. Muuzeni aike mivi pa nthawi imene mwasankha, monga 4:37, aike wotchiyo pambali pa pepala lolembedwa deti la tsikulo ndi dzanja, ndipo ajambule kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo moti nambala yakeyake ya wotchiyo iwerengeke. Izi zimatsimikiza kuti katunduyo alidi m'manja mwake, chifukwa zithunzi zambiri zoyendayenda pa WhatsApp zimatengedwa pa masamba a anthu ena a ku Ulaya. Mukapeza nambalayo, kaifufuzeni m'kaundula wa mawotchi obedwa ndi otayika. Alipo wotchedwa Enquirus, amene anakhazikitsidwa mu 2023 ndi Richemont, kampani imene ndi mwini wa IWC, ndipo kufufuzamo n'kwaulere. Aliponso The Watch Register wa ku London, amene amalipiritsa ndalama pang'ono. Nambala ikapezeka m'menemo, nkhani yathera pomwepo. Ikapanda kupezeka, sikuti wotchiyo yayera, chifukwa anthu ambiri a kuno ndi ku South Africa akaberedwa salembetsa kunja. Muilembenso nambalayo pa Google. Opanga zabodza amakonda kukopera nambala imodzi yeniyeni n'kuizokota pa mawotchi ambirimbiri, motero mukaiona ikutuluka pa malonda a m'maiko atatu nthawi imodzi, mwadziwa chimene mukuyang'ana.

Tsiku lokumana likhale masana, pamalo pa mmisiri kapena pena poonekera m'tauni, osati m'galimoto poimika magalimoto madzulo, ndipo musapite nokha kapena mutanyamula ndalama. Bwerekani kagalasi kokulitsira zinthu ka 10, kamene osula golide amagwiritsa ntchito, muyambe ndi nkhope. Zilembo za IWC ndi za SCHAFFHAUSEN ziyenera kukhala zakuthwa m'mphepete, zosanyenyeka ndi zosadontha, ndipo mawu akuti MARK XVIII akhale pakati bwino pamwamba pa 6. Deti likhale pakatikati pa kawindo, ndipo muyendetse masiku angapo, monga 8, 17 ndi 28, chifukwa pa zabodza tsiku lina limakhala pakati, lina limapendekera m'mwamba. Galasi lake ndi la safiro lopakidwa mbali zonse ziwiri mankhwala oletsa kunyezimira, moti mukalipendeketsa padzuwa limaonetsa kabuluu pang'ono, ndipo mukaliyang'ana molunjika limakhala ngati palibe. Kenaka walitsani tochi ya foni pa nkhopeyo kwa kanthawi, muifungatire m'manja, muone ngati mivi ndi zizindikiro zikuwala mofanana. Mivi ikamawala mtundu wina, zizindikiro mtundu wina, ndiye kuti china mwa izo chinasinthidwa.

Kachitsulo kopukusira ka pambali, kamene amisiri timangokatchula kuti crown, kamauza zala zanu zinthu zambiri. Pa wotchi imeneyi n'komanga ndi mazinga, ndipo kayenera kumasuka ndi kumangika mosalala, kosakukuta ngati muli mchenga. Mukakakoka mpaka kumapeto, muvi wa masekondi uyenera kuima nji, chifukwa oyendetsa ndege ankafuna kulinganiza mawotchi awo pa sekondi imodzi. Pano ndikuchenjezeni: musasinthe deti ndi kopukusira pamene mivi ili pakati pa 8 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo mano osinthira deti amakhala atalumana kale, ndipo mutha kuthyola katundu amene simunagule.

Anzanu ena akuuzani kuti wotchi yeniyeni imadziwika ndi muvi wa masekondi woyenda motsetsereka, pamene yabodza imadumpha sekondi ndi sekondi. Nzeru imeneyi inali yothandiza kalekale, pamene zabodza zinali za batire, monga zija zoyalidwa patebulo m'misika ya kaunjika. Lero ingakugwetseni m'mbuna. Makina a Mark XVIII amagunda ka 28,800 pa ola, kutanthauza ka 8 pa sekondi, ndipo akadzazidwa amayenda maola pafupifupi 42. Opanga zabodza zapamwamba amaikamo makina a ku Japan otchedwa Miyota 9015, amene amagundanso ka 28,800 pa ola ndipo amayendanso maola pafupifupi 42, kapena makina a ku China okopera kamangidwe ka makina a ku Switzerland. Ndi maso simungasiyanitse kayendedwe ka muvi. Khutu lingathandize pang'ono: m'wotchi yodzipukusa yokha muli chitsulo chonga theka la mwezi chimene chimazungulira mkono ukamayenda, ndipo cha Miyota chimadzaza mphamvu chikazungulira mbali imodzi yokha, mbali inayo chimangothamanga mwaufulu n'kumamveka phokoso. Cha IWC chimadzaza mbali zonse ziwiri ndipo chimakhala phee. Koma umenewu ndi umboni wotsutsa chabe. Phokoso likamveka muchokepo, likapanda kumveka simunatsimikize kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mawotchi abodza a masiku ano ndi nkhuyu zakupsa bwino zedi.

Ndiye tafika potsegula. Mmisiri wake akhale wozolowera mawotchi a makina, osati wongosintha mabatire, ndipo akhale ndi chotsegulira choyenera kuti asakande chivundikiro. Mulipireni inuyo, ndipo muimirire pomwepo pamodzi ndi wogulitsa, kuti pasadzakhale wonena kuti china chasinthidwa. Chivundikiro chikachoka, choyamba kuoneka si makina ayi, koma chivundikiro chachiwiri cha chitsulo chofewa chija. Pansi pake ndi pamene pali makina. Mu Mark XVIII zoyambirira munali makina otchedwa 30110, omangidwa pa maziko a ETA 2892-A2, makina a kampani ina ya ku Switzerland, okhala ndi timiyala tofiira 21 tochepetsa kukhuzana kwa zitsulo zoyenda. Pambuyo pake anayamba kuikamo otchedwa 35111, omangidwa pa maziko a Sellita SW300, a kampani inanso ya komweko, okhala ndi timiyala 25. Onse awiri ndi olondola, choncho wina asakuopsezeni kuti poti makinawo maziko ake si a IWC ndiye kuti wotchi ndi yabodza. Chimene mmisiri amayang'ana ndi chakuti nambala ya makina yozokotedwa, chiwerengero cha timiyala ndi kamangidwe kenikeni ka zitsulozo zikugwirizana. Opanga zabodza amamata chitsulo chokongoletsedwa, cholembedwa IWC, pamwamba pa makina a mtundu wina, ndipo ukayang'anitsitsa umapeza timiyala tomatidwa ndi guluu pamalo pamene palibe chozungulira chilichonse, kapena timisomali ta mazinga tosagwira kanthu. Pa makina okopera a ku China kamangidwe kamafanana, koma m'mphepete mwa zitsulo mumakhala mokhakhala, zilembo zimakhala zosazama, ndipo mbali imene imatsendereza kagudumu kogunda ka pakati siioneka yosalala ngati ya ku Switzerland. Diso limene laona makina amenewa kambirimbiri limazindikira m'mphindi zochepa.

Wotchi ikadali pa tebulo, mmisiri aiike pa makina oyezera kugunda, otchedwa timegrapher. Amaonetsa masekondi amene wotchi ikupitirira kapena kutsalira pa tsiku, komanso kukula kwa mpata umene kagudumu kogunda kakuyenda. Wotchi yathanzi, yodzazidwa mphamvu ndi kugonekedwa chagada, imaonetsa madigiri a pakati pa 270 ndi 310, ndipo imaphonya masekondi owerengeka okha pa tsiku. Poyerekeza, bungwe la ku Switzerland la COSC limavomereza wotchi yosatsalira kuposa masekondi 4 kapena kupitirira kuposa 6 pa tsiku. Madigiri akatsika kufika cha m'ma 220, mafuta auma ndipo makina akufunika kupasulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano, ntchito imene imadya madola mazana angapo. Wotchi ya 2016 kapena 2017 imene sinaonedwepo ndi mmisiri nthawi yake yakwana kale, ndipo ndalama imeneyo muiwerengere pamodzi ndi mtengo wogulira.

Ndikuumirira za kutsegula chifukwa ine mwini ndinapsapo. Zaka zingapo zapitazo munthu wina anandibweretsera Breitling Navitimer, wotchi ija yotchuka imene inayamba mu 1952, yokhala ndi manambala owerengera liwiro ndi mafuta m'mphepete mwake. Anabwera naye ndi mnzanga wa kutchalitchi amene ndinkamukhulupirira. Thupi la wotchi linali lenileni, nkhope yeniyeni, lamba weniweni, ndipo ndinachita manyazi kuitsegula pamaso pa mnzangayo, poopa kuti aganiza kuti ndikumuyesa wakuba. Ndinalipira. Patatha sabata ndinaitsegula, ndipo m'malo mwa makina ake ochokera pa Valjoux 7750 ndinapezamo okopera otchipa. Wina m'mbuyomo anachotsa enieniwo, mwina atadyedwa ndi dzimbiri, mwina kuti akawagulitse paokha. Mnzangayo sankadziwa kanthu, ndipo mwinanso wogulitsayo sankadziwa. Mawotchi osakaniza oterewa ndi oopsa kuposa abodza, chifukwa amapambana mayeso onse a kunja. Mnzanu wa kuntchitoyo angakhale munthu wachilungamo, koma iye akuchitira umboni munthu, osati makina, ndipo zinthu zikadzavuta mudzataya ndalama ndi ubwenzi womwe.

Zina n'zosavuta kuona. Nyanga zinayi zogwira lamba zikhale zakuthwa m'mphepete ndi zofanana kukula. Zikabulungika ndiye kuti wotchi inapalidwa kwambiri pofuna kubisa zipsera. Dzimbiri m'kati, kapena timadontho pa nkhope ndi pa mivi, ndi chizindikiro chakuti munalowa madzi. Lamba wachikopa amatha, ndipo kupeza wosinthidwa si chodabwitsa, koma chomangira chake chachitsulo chiyenera kukhala cha IWC. Akamaliza kuyang'ana, mmisiri aone kamphira kotchinga madzi, atseke bwino, ndipo ngati ali ndi makina ake ayeze kuti mpweya sukulowa. Wotchiyi inapangidwa kupirira mphamvu ya madzi ya 6 bar, koma kamphira kakale sikasunga lonjezo limenelo.

Pali nthawi imodzi yokha imene ndingakuuzeni kuti musathamangire kutsegula. Kuyambira mu 2019, IWC inalola ogula kutalikitsa chitsimikizo kuchoka pa zaka 2 kufika pa zaka 8 ngati alembetsa wotchi yawo ku kampani. Choncho Mark XVIII yogulidwa mu 2021 n'kulembetsedwa ingakhale ikadali pa chitsimikizo mpaka 2029, ndipo kuitsegula kwa mmisiri wosavomerezedwa kungaononge mwayi umenewo. Wogulitsa akanena zimenezi, akuonetseni kulembetsako pafoni yake, nambala ikugwirizana ndi ya pa wotchi. Zikatero njira yabwino ndi kupita nayo ku sitolo yovomerezeka ku Johannesburg. IWC imaperekanso kalata yotsimikiza kuti wotchi ndi yeniyeni, koma pokhapokha wotchiyo itatumizidwa ku Schaffhausen kuti akaione okha, ndipo zimenezi zimafuna ndalama ndi nthawi yaitali. Pa wotchi ya mtengo uwu, kwa munthu amene akufuna ndalama sabata lino, njira imeneyo siingatheke, ndipo popeza wanuyo alibe kadi, ndikuona kuti tebulo la mmisiri ndilo latsala.

Tinene kuti zonse zayenda bwino ndipo wotchi yapezeka yeniyeni. Funso la kumene inachokera likadalipo, ndipo mtengo wotsika uja ukulikulitsa. Malamulo a dziko lino la Zimbabwe amati kulandira katundu ukudziwa kuti ndi wakuba, kapena ukuona kuti n'kutheka ndithu kuti ndi wakuba, ndi mlandu. Kuonjezera apo, mwini wake weniweni ali ndi ufulu wotenga katundu wake ngakhale kwa munthu amene anagula mosadziwa, ndipo inu mungatsale ndi ntchito yosakasaka amene anakugulitsani. Choncho lembani pangano la malonda lokhala ndi maina anu nonse, manambala a zitupa, mtundu ndi nambala ya wotchi, mtengo, deti, ndi mawu akuti wogulitsa akutsimikiza kuti katunduyo ndi wake ndipo ndi weniweni. Musaine nonse pamaso pa mboni, ndipo ngati n'kotheka mukadinditse kwa wolumbiritsa anthu, amene amapezeka kupolisi ndi kwa maloya. Mujambule chitupa chake. Polipira, ndi bwino kusamutsa ndalama kudzera ku akaunti ya nostro, ya kubanki yosungira ndalama zakunja, chifukwa zimasiya mapazi, ndipo dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa chitupa. Ngati akuumirira ndalama pamanja, mukaperekere m'banki, zikawerengedwe pomwepo. Chikole cha pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni, choti akusungireni wotchi imene simunaigwire musapereke ngakhale dola imodzi.

Mundilole ndinenepo maganizo anga pa mphatsoyo, ngakhale simunandifunse. Mwana wanu sadzaulutsa ndege ndi wotchi imeneyi. M'ndege za lero muli GPS ndi mawotchi akeake, ndipo Mark XVIII adzaivala chifukwa cha mbiri yake ndi chifukwa cha dzanja limene linamupatsa. Chimene woyendetsa ndege amachifuna tsiku ndi tsiku ndi nthawi ya UTC, yofanana pa dziko lonse lapansi, imene iwo amaitchula kuti Zulu, poti mapulani a ulendo, malipoti a nyengo ndi buku la maola zimayendera nthawi imeneyo, ndipo Harare ili patsogolo pake ndi maola awiri. Mark XVIII ilibe muvi woonetsa nthawi yachiwiri. Mufunseni mwanayo mochenjera ngati angakonde wotchi yokhala nawo. Dziwaninso kuti ndi madola 1,800 mungapeze wotchi ya oyendetsa ndege yatsopano, ya chitsimikizo chonse, yochokera ku makampani a mbiri yosakayikitsa. Laco ndi Stowa a ku Germany anali m'gulu la makampani asanu, pamodzi ndi IWC, A. Lange & Söhne ndi Wempe, amene anapanga mawotchi akuluakulu a mamilimita 55 a m'ndege a m'zaka za m'ma 1940, ndipo akupangabe ofanana nawo ang'onoang'ono. Kampani ya Sinn ya ku Frankfurt anaiyambitsa mu 1961 ndi Helmut Sinn, amene iye mwini anali woyendetsa ndege ndi mphunzitsi wa ntchitoyo. Mukaitanitsa kunja muwerengerenso msonkho wa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho m'dziko lino. Ine ndikanakhala inu, wogulitsa uja akakana tebulo la mmisiri, ndikanalowera kumeneko osadandaula.

Ndipo wina akamva kuti mukufuna IWC n'kukubweretserani Mark 11 yakale yotuluka m'katundu wa malemu, samalani pawiri. Zabodza ndi zosakaniza zake n'zambiri, komanso zoyambirira zinapakidwa utoto wowala wa radium, umene umatulutsa cheza choopsa kwa zaka mazanamazana ngakhale utasiya kuwala. Wotchi yotero siitsegulidwa pa tebulo lodyera, ndipo si ya mnyamata woivala tsiku lililonse.

Mukagula Mark XVIII ija, tsiku lomwelo muijambule mbali zonse, mulembetse nambala yake ku Enquirus m'dzina la mwanayo, ndipo pangano la malonda mulisunge pamalo osiyana ndi bokosi. Mukadzafuna kupita nayo ku Johannesburg kokonzetsa, kaonaneni ndi a ZIMRA pa Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe musanatuluke, alembe nambala yake, kuti pobwera asadzaiyese katundu watsopano wofunika msonkho. Ngati mukufuna kuzokotapo dzina la mwana ndi deti limene walandira chiphaso chake, musazokote pa chivundikiro chakumbuyo pamene pali ndege ndi nambala, chifukwa zimatsitsa mtengo ndipo sizifufutika popanda kupala chitsulo. Zokotani m'kati mwa chomangira lamba, chimene chingasinthidwe. Mumuuzenso kuti kopukusira kazikhala komangidwa nthawi zonse, ndipo mvula ikayamba mu November achotse lamba wachikopayo aikepo wansalu, chifukwa chikopa chonyowa ndi thukuta ndi mvula sichitha dzinja limodzi chisanayambe kununkha ndi kung'aluka.